GG ndi ndalama ya feteleza: zomwe aphunzitsi opuma anayankhula pa msonkhano wa mudzi kufupi ndi Lizulu

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu nonse, akuluakulu a mipingo, amayi a banki mkhonde, ndi inu anyamata mwakhala uko kuseri kwa bulugamu. Sendererani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Mafoniwo ayambe alowa m'thumba, mipira ya ku England ikuyamba madzulo, palibe chikudutseni.

Ambiri mukundidziwa. Ndaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri, ena mwa inu amene lero muli ndi ndevu ndinakuphunzitsani kuchulukitsa. Timu ya pasukulu ndinkaisula ndine. Ndiye asaganize wina kuti ndabwera kudzanyoza mpira. Mpira ndimaukonda, ndipo Dedza Dynamos ikamasewera wailesi imakhala pakhutu. Chandiimika pano ndi zomwe zachitika sabata yatha, zomwe nonse mwamva.

Dzina la mwanayo sinditchula. Makolo ake ali pompano ndipo andilola kuti ndifotokoze kuti ena aphunzirepo. Anamutuma ku msika ndi matumba a kachewere. Anagulitsa bwino, wogula anamutumizira ndalama pa foni. Ndalamayo inali ndi ntchito kale: feteleza wa kudimba ndi fizi ya mlongo wake. Loweruka limenelo anatapako K2,000 yokha, n'kudula tiketi yobetcha mpira ya masewero 10, onse GG. Masewero 9 analowa. Omaliza anatha 3-0. Zigoli zitatu, koma zonse zalowa golo limodzi, tiketi yafa. Mumtima mwake anati ndatsala pang'ono. Lamulungu anaika K10,000. Lachiwiri anawonjezera, Lachitatu anawonjezeranso, pofika Lachinayi foni inali mbee. Anakatenga katapila kuti abweze ndalama ya makolo asanadziwe, katapilayo n'kulowanso momwemo. Kenako mwana anasowa. Masiku atatu mayi ake osagona, amuna a m'mudzi muno kufunsa mpaka tsidya la Mozambique, mitima ili m'mwamba poganiza zoipa zija tonse timaziopa. Mulungu ngwabwino, anapezeka wamoyo kwa malume ake ku Balaka. Koma dimba lija mpaka lero lilibe feteleza.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndiwabwereza mpaka mutope nawo: ndalama yomwe ili ndi ntchito kale isalowe mu beti.

Agogo apa akufunsa kuti GG ndi chiyani. Mwafunsa bwino agogo, chifukwa ana amayankhula chinenerochi pakhomo panu inu osamva. Pa mpira pali kubetcha kuti awine ndani. Imeneyo anthu amaiopa, amati njovuta. Ndiye pali ina yoti sukusankha wowina ayi, ukungonena kuti matimu onse awiri achinyana, aliyense apeza chigoli chimodzi kapena kuposerapo. Imeneyo ndiye GG. Ikatha 1-1 wadya, 2-1 wadya, 5-3 wadya. Ikatha 0-0, 1-0, 4-0, wadyedwa. Inzake amaitcha NG, yoti mwina timu imodzi kapena onse awiri sachinya. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Mukuona kukoma kwake? Munthu amati apa ndiye pophweka, sindikusamala wowina, ndikungofuna zigoli, ndipo mpira ndi zigoli. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba, ili ndi malamulo omwe ambiri amawadziwira pa tsiku lodyedwa. Amawerenga mphindi 90 ndi zija oyimbira amawonjezera kumapeto. Masewero a chikho akapita ku mphindi 30 zapadera, zigoli za kumeneko sizikukhudzani. Mapenate ochotsana aja, ngakhale alowe khumi, sawerengedwa. Chigoli chalowa, mwadumpha, mwagwetsa benchi mu vidiyo sho, kenako VAR, kanema woonera oyimbira uja, yakana, ndiye kuti palibe. Ndinaona ndi maso anga mnyamata akuvina pa msewu, mnzake n'kumuthamangira kukamuuza kuti bwerera, achikana.

Chachiwiri, ndikukumbutseni za Flames yathu, chifukwa imeneyi tonse tinaionera kapena kuimvera. January 2022, mpikisano wa chikho cha Africa ku Cameroon. Tinasewera masewero anayi. Ndi Guinea tinagonja 1-0, GG palibe. Ndi Zimbabwe tinapambana 2-1, Gabadinho Mhango anachinya ziwiri, GG ilipo. Ndi Senegal 0-0. Senegal imeneyo inali ndi Sadio Mané, ndipo ndi yomwe inakatenga chikho chaka chimenecho. Ndani pano akanalumbira kuti Mané alephera kuchinya Malawi? Analephera. Ndipo mukukumbuka penate ija oyimbira anatipatsa, kenako anakaona pa kanema n'kuilanda? Ndi Morocco tinagonja 2-1, chigoli cha patali cha Gaba chija anthu akuchikambabe mpaka lero, GG ilipo. Werengani: masewero anayi, awiri inde, awiri ayi. Timu yathu yomwe, yomwe timadziwa osewera ake mayina mpaka kwawo. Kuli ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba.

Inu a Manchester United musakwiye, koma March 2023 ku Anfield, Liverpool inakuthirani 7-0. Zigoli 7 m'masewero amodzi, matimu akuluakulu onse awiri, osewera kutsogolo odula mtengo mbali zonse. Wa GG anadyedwa. Tsopano tembenuzani. Mu 2014 Germany inali ikutsogola 7-0 kwa Brazil, kwawo kwa Brazil komweko, mphindi yomaliza Oscar n'kupeza kachigoli kopukutira misozi, 7-1. Wa GG anadya. Tandiuzani, pa awiriwa wodziwa mpira ndi uti? Wodyayo anadya chifukwa chodziwa, kapena chifukwa otchinga kumbuyo a Germany anali atayamba kuganiza za kubafa?

Tsopano tibwere ku masamu, ndipo amayi a banki mkhonde apa mundimva msanga kuposa anyamatawa, chifukwa inu chiwongoladzanja mumachidziwa.

Achimwene inu ndi inu, taimani. Nonse muli ndi K1,000. Masewero ndi amodzi. Uyu akuti achinyana, uyu akuti sachinyana. Mukanabetcherana nokha pansi pa mtengo, wowina akanatenga K2,000 yonse. Koma mwapita ku kampani. Kampani yaika ma odds, nambala yochulukitsira ndalama yanu mukawina, tinene 1.85 mbali iyi, 1.85 mbali inayo. Yalandira K2,000. Mpira watha, mmodzi wa inu wawina, palibe kuchitira mwina. Yamupatsa K1,850. K150 yatsala kuti? Yatsala kwa mwini wake. Achinyane, K150 ndi yake. Asachinyane, K150 ndi yake. Kugwe mvula, magetsi azime, K150 ndi yake. Iye sakubetcha, akuchita bizinesi. Amene mukubetcha ndinu. Khalani pansi, zikomo.

K150 ikuoneka yochepa. Koma ganizani anthu onse ogwira foni kuyambira Tsangano, Biriwiri, Kampepuza, Ntcheu boma, mpaka Nsanje ndi Chitipa, Loweruka lililonse. Ndalama zolipirira zikwangwani zikuluzikulu mumaziona mu M1 zija, ndi zotsatsa za pa wailesi pakati pa mpira, mukuganiza zimachokera kuti?

Koma chomwe chinagwetsa mwana wathu uja si masewero amodzi ayi. Ndi kusanjikiza. Palibe mnyamata pano amene amaika K500 kuti apeze K925, amati ndi zachibwana. Amasanja masewero 10 pa tiketi imodzi kuti ndalama ifufume. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti masewero aliwonse mwayi ndi theka ndi theka, ngati ndalama yachitsulo ija. Amodzi, mwayi ndi 1 pa 2. Awiri, 1 pa 4. Atatu, 1 pa 8. Pitirizani, ana anga a sitandade 7 mukuzidziwa: 16, 32, 64, 128, 256, 512, 1,024. Kuti onse 10 alowe, ndi kamodzi pa maulendo 1,024. Tsopano kampani ikulonjeza zingati? 1.85 mukaichulukitsa yokhayokha ka 10 ikufika pafupifupi 470. K500 yanu ikuonetsa pafupifupi K235,000 pa foni, mtima n'kuyamba kugunda, mwayamba kale kuona malata atsopano. Koma kuti muidye kamodzi, masamu akuti mukhala mutadula matikiti ngati 1,024. Matikiti 1,024 pa K500 ndi K512,000. Mwapereka K512,000 kuti mulandire K235,000. Mayi msungichuma, munthu atabwera ku gulu lanu ndi ndondomeko imeneyi, mungamulole? Mwamva, akuti angamuthamangitse ndi chipande.

Ndalama yomwe ili ndi ntchito kale isalowe mu beti.

Ndipo pali msampha wina mkati momwemo, uja wa "yandidula timu imodzi". Mawu amenewa ndimawamva pa siteji tsiku lililonse. Pa masewero 10, njira yoti onse alowe ndi imodzi yokha. Njira zoti 9 alowe, amodzi akane, zilipo 10, chifukwa okanawo akhoza kukhala oyamba, achiwiri, mpaka omaliza. Ndiye kuphonya ndi timu imodzi kumachitika ka 10 kuposa kuwina. Si chizindikiro choti mwayandikira. Tiketi ya mawa siidziwa kuti dzulo munatsala pang'ono, imayambira pa ziro.

(Mnyamata wina wa kabaza anaimirira: "Pepani aphunzitsi, koma ine ndinawinapo K80,000 ndi K300 yokha. Ndipo ife sitimangoponya, timaona kaye fomu, timaona matimu omwe amachinyana nthawi zonse. Ntchito kulibe, ndiye tizitani?")

Zikomo mwana wanga, ndipo musamuseke, wayankhulira ambiri amene angokhala chete. Khala pansi ndikuyankhe bwinobwino, wafunsa zinthu zitatu.

Za K80,000 sindikukutsutsa. Unawinadi, ndipo ndikukumbuka tsiku lake chifukwa siteji yonse inamwa zoziziritsa kukhosi. Anthu amawina. Pakanakhala kuti palibe wowina, sitolo zimenezi zikanatsekedwa kalekale. Msodzi saponya mbedza yopanda nyambo. Koma ndikufunse, ndipo usayankhe pagulu, ukayankhe wekha usiku: unayamba liti kubetcha? Pa sabata umaika zingati? Tinene K500 pa tsiku, poti mipira masiku ano ilipo tsiku lililonse, ikatha ya ku England mumapita ya ku Netherlands, ikatha imeneyo mumafika mpaka maligi a mayiko oti pa mapu simungawaloze. K500 pa tsiku kwa chaka ndi K182,500. Tsiku lowina lija aliyense analimva. Masiku odyedwa unawauza ndani? Munthu amasunga chithunzi cha tiketi yowina mu foni, zodyedwa amafufuta. Tsegula Airtel Money kapena Mpamba yako, uone ndalama zonse zomwe zatuluka kupita ku beti miyezi itatu yapitayi, ulembe mbali imodzi. Zomwe zalowa ulembe mbali inayo. Ukapeza kuti uli pamwamba, ubwere kunyumba kwanga undionetse, ndidzaimirira pa msonkhano ngati uno ndi kunena.

Za fomu. Ukunena zoona kuti pali matimu okonda kuchinya ndi kuchinyidwa. Koma ukuganiza kuti kampani siikudziwa? Iwe ukuona masewero asanu apitawa pa foni ya galasi losweka, bandulo ikutha. Iwo ali ndi makompyuta ndi anthu olembedwa ntchito yomweyo, akudziwa amene wavulala, amene ali ndi makadi, amene mphunzitsi amupumitse. Ndiye ukapeza masewero oti aliyense akuona kuti apa achinyana, tayang'ana ma odds ake. Satsala pa 1.85, amatsika, 1.40, 1.30. Chomwe wadziwacho anachiika kale mu mtengo. Zili ngati pa msika wa Lizulu pano: tomato akasowa, wogulitsa sadikira kuti iwe umuuze, wakweza kale. Ndipo pa 1.30, ukaika K1,000 kanayi, n'kuwina katatu, kudyedwa kamodzi, wapeza K900, wataya K1,000. Wawina katatu pa kanayi koma uli pansi ndi K100. Ndiye poona kuti 1.30 njochepa umasanjikiza, tabwerera ku masamu aja.

Za ntchito, apo ndiye pandipweteka, chifukwa ukunena zoona. Ntchito kulibe. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuchokera pamenepo thumba la feteleza tonse tikulidziwa mtengo wake. Mafuta a njinga yakoyo akwera, bwana mwini njinga akufuna yake madzulo aliwonse. Sindikukuweruza. Koma taona, munthu wolemera akadyedwa K5,000 amagona tulo. Iwe ukadyedwa K5,000 ndi ya bwana, mawa ulandidwa njinga. Umphawi ndiye chifukwa chenicheni choti usayandikireko. K500 ya tsiku ija, utaiponya ku banki mkhonde kwa amayiwa, pakutha pa chaka ukugawana nawo, ukhoza kuyamba kulipirira njinga yakoyako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga.

Pali ena akukudyerani kawiri. Aja a pa WhatsApp ndi Facebook, akuti tumizani K3,000 tikupatseni masewero otsimikizika, ena mpaka akuti mpirawu tinagula kale. Taganizani. Munthu akudziwa motsimikiza zotsatira za mawa, angavutike ndi K3,000 yanu ya kachewere? Bwanji osangoika zake n'kulemera mwakachetechete? Chomwe amachita n'chophweka: theka la anthu amaliuza GG, theka lina NG. Theka limodzi liwina basi, ndipo limenelo mawa litumizanso ndalama likuyamika. Odyedwawo akadandaula amawatseka.

Tsopano makolo, nanunso ndikudzudzuleni pang'ono, musangogwedeza mitu ngati nkhaniyi ndi ya ana okha. Lamulo la dziko lino likuti wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova juga. Bungwe la MAGLA, loyang'anira za juga ndi malotale, lilipo chifukwa cha zimenezi. Koma ndani amatuma mwana wa sitandade 6 kuti thamanga ukandidulire tiketi? Ndi bambo. Ndani amasiya foni yolembetsa m'dzina lake m'manja mwa mwana wa fomu 2, nambala yachinsinsi n'kumuuza? Ndi mayi. Tsiku lina ndinakumana ndi kamnyamata kovala yunifolomu, nthawi ya sukulu, kali ndi pepala lalitali ngati lamba. Ndinakafunsa kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati, kanakanda mutu. Koma matimu a ku Germany kananditchulira onse. Nzeru zilipo, tazilozetsa kolakwika ndife akulu. Ndipo amayi ena, ndamva, mwayamba juga ya kandege kaja pa foni mukudikira makasitomala. Mwini wake ndi yemweyo, masamu ake ndi omwewo, kungoti kameneko kamadya mofulumira.

China, tisamathamangire kunena kuti mwana walodzedwa kapena ndi wakuba chabe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linaika kutchova juga kosaletseka m'gulu la matenda, monga momwe zilili ndi uchidakwa. Zizindikiro zake mukuzidziwa: munthu sagona mpaka mipira ya usiku ithe, foni amaibisa, wayamba mabodza ang'onoang'ono pa ndalama, nkhuku zikusowa, akadyedwa amakwiyira aliyense, ndipo amabwereza kuti ndingobweza yanga yokha ndisiye. Mawu amenewo mukawamva, dziwani kuti madzi afika m'khosi. Kubweza kumeneko ndi komwe kunatengera mwana wathu ku katapila. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndalama yomwe ili ndi ntchito kale isalowe mu beti. Ya feteleza, ya fizi, ya bwana wa njinga, ya ngongole ya gulu, ya chopereka cha maliro. Imeneyo ili ndi mwini ngakhale ili mu foni yanu.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumwamba, mitambo yadetsa ku Dedza uko, ndipo amayi muli ndi nyemba pa moto. Ndithamange.

Mukagulitsa mbewu, ndalama isagone mu foni. Tapani tsiku lomwelo, gulani fetelezayo, kapena perekani kwa amayi a kunyumba. Potuma mwana ku msika ndi katundu wambiri, apite awiri, ndipo wogula atumize ku nambala ya kholo. Nambala yachinsinsi sinthani lero. Amene mwaona kuti simungathe kusiya nokha, chotsani ma app aja, uzani kampaniyo ikutsekereni akaunti, ndipo uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira kuti azikusungirani ndalama. Mukadyedwa musabwerere tsiku lomwelo, ndipo katapila ayi, ayi ndithu. Banki mkhonde, funsitsani ngongole ikupita kuti, mukaone ndi maso. Mwana akaulula kuti wadya ndalama, musayambe ndi chikwapu kapena kumuthamangitsa, khalani naye pansi, ndalama ibwera ina. Mukamva wina akuyankhula zotopa ndi moyo, musamusiye yekha ngakhale ola limodzi, mutengereni kuchipatala cha boma, auzeni abusa kapena a mfumu usiku womwewo. Sitolo yolowetsa ana a sukulu, uzani a mfumu ndi a komiti ya chitetezo, nkhani ikafike kupolisi.

Anyamata a kabaza, Lachitatu madzulo ndikhala pa sukulu ndi choko. Bwerani ndi mafoni anu tidzawerengere limodzi, aliyense zake, palibe womuulula mnzake. Za dimba la banja lija, a gulupu akuti mbale izungulira tikatha pano, amene muli ndi kenakake muponyemo. Mvula ija yayamba kudontha. A gulupu, ndabweza kwa inu.